Mayunitsi 6 omwe anabayidwa ngati 60: lipoti la nkhani ya insulin mu wodi ya abambo

Lipoti ili ndi la anamwino anzanga amene timaphunzitsa ophunzira m'mawodi, komanso la ophunzira eni ake. Ine ndine amene ndinapatsidwa ntchito yofufuza nkhaniyi, kuwerenga mafayilo ndi kukhala pansi ndi aliyense amene anakhudzidwa. Mayina a anthu ndi a chipatala ndawasiya dala.

Wodwala ndi momwe analili

Wodwala anali bambo wa zaka 68, yemwe wakhala ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri kwa zaka zoposa 10. Anagonekedwa chifukwa cha bala la kuphazi lomwe linali litatupa ndi kuyamba kutulutsa mafinya. Kunyumba ankamwa metformin wa shuga ndi atenolol wa BP. Magazi atayezedwa, zinaoneka kuti impso zafooka, choncho adokotala anaimitsa metformin n'kuwayambitsa insulin wa mitundu iwiri: isophane, wogwira ntchito pang'onopang'ono kwa nthawi yotalikirapo, m'mawa ndi usiku, ndi soluble insulin, wogwira ntchito msanga, asanadye chakudya chilichonse. Pa balalo ankalandira maantibayotiki a ceftriaxone ndi metronidazole. Metronidazole uja ankawachititsa nseru, moti chakudya ankangochilawa n'kukankhira mbale pambali.

Zinthu zitatu m'mbiri imeneyi zinali kale chenjezo, ngakhale panalibe amene anaziika pamodzi tsikulo. Impso zikafooka insulin amakhalitsa m'thupi, chifukwa impso ndi zina mwa ziwalo zomwe zimamuchotsa. Munthu wosadya mokwanira shuga wake sachedwa kugwa. Ndipo atenolol amabisa zizindikiro zomwe timaphunzitsa ophunzira kuti azidikira shuga akatsika, monga kugunda kwa mtima mofulumira ndi kunjenjemera. Chimene sabisa ndi thukuta.

Wophunzira anali mtsikana wa chaka chachitatu, wakhama, wosachedwa pa ntchito, amene anamwino ambiri mu wodiyo ankamukhulupirira. Ndikutchula zimenezi chifukwa anthu akamva nkhani zotere amathamangira kuganiza kuti wophunzirayo anali wosasamala. Sanali wotero.

Zomwe zinachitika pa nthawi ya mankhwala a madzulo

Tchati chakale cha mankhwala chinali chitadzaza, ndiye masana a tsikulo adokotala anakopera zonse pa tchati chatsopano. Chakalecho chinapita kumbuyo kwa fayilo. Pa mzere wa soluble insulin analemba nambala 6 ndi chilembo U (chidule cha "units", mayunitsi) pafupi kwambiri, ndipo U uja anatsekeka pamwamba. Ndinachiona ndekha tchaticho. Munthu amene akudziwa kale kuti mlingo ndi 6 amawerenga 6U. Amene sakudziwa amawerenga 60, mosakayika konse.

Cha m'ma 5:30 madzulo wophunzira anayeza shuga wa bambowa n'kupeza 11.8 mmol/L. Anawerenga tchati, anatenga kabotolo ka soluble insulin, anaona tsiku lotha ntchito, n'kukoka mayunitsi 60 mu sirinji ya insulin. Insulin wamba amakhala ndi mayunitsi 100 pa mililita imodzi, choncho mayunitsi 6 ndi kadontho kongofika pa kamzere kachitatu ka sirinji ya mayunitsi 100, pamene mayunitsi 60 amadzaza kupitirira theka la sirinjiyo. Atandifotokozera pambuyo pake, anati pokoka paja mtima unamugunda pang'ono. Anali asanakokepo insulin wochuluka chonchi. Koma anadziuza kuti shuga wakwera, bambowa ali ndi bala loopsa, mwina adokotala akweza mlingo.

Lamulo la wodiyo linkati insulin aziona anthu awiri asanabayidwe. Namwino woyang'anira anali kumapeto kwa wodi, akuika kanula (kapaipi kolowetsera mankhwala mu mtsempha) kwa wodwala watsopano yemwe mitsempha yake inkavuta. Wophunzira anapita ndi sirinji m'kambale, tchati atachisiya pa trole.

"Asisita, insulin wa bedi 9, mayunitsi 60. Mundionereko."

Namwino anatembenuka, anayang'ana sirinji, anaona kuti yafikadi pa 60.

"Eya, ndi 60. Pita ukabaye, ndibwera kudzasaina."

Wophunzira anafika pa bedi, anafunsa dzina la wodwala, anaona kachibangiri ka pamkono, zonse zinagwirizana. Bambowa ataona sirinji anati: "Mwanangu, lero bwanji wachuluka chonchi?" Iye anayankha kuti: "Ndi momwe adokotala alembera, bambo." Anabaya pamimba. Chakudya chitabwera, bambowa anadya masupuni ochepa n'kuchisiya.

Chizindikiro choyamba

Cha m'ma 7:15 usiku, mwana wamkazi wa wodwalayo amene anabwera kudzawaona anapita pa tebulo la anamwino. "Anesi, abambo anga akutuluka thukuta kwambiri, ndipo zomwe akulankhula sizikumveka." Wophunzira yemweyo ndi amene anathamangira. Anapeza malaya ali chinyowere, khungu lili lozizira, maso akutseguka pokhapokha akawagwedeza. Choyamba chomwe anaganiza chinali chakuti matenda a balalo alowa m'magazi. Koma thupi silinatenthe, linali pa 36.4, BP inali 132/78, ndipo mtima unkagunda ka 66 pa mphindi, modekha ngati wa munthu wogona tulo tabwino. Manambala amenewa akanatha kumupusitsa. Chomwe anachita bwino n'chakuti sanaime pamenepo: wodwala wa shuga akasintha maganizidwe kapena kagonedwe, shuga amayezedwa kaye zina zonse zisanaganiziridwe. Kamakina kanaonetsa 2.2 mmol/L. Shuga akatsika pansi pa 3.9 timati watsika, ndipo pansi pa 3.0 ubongo umakhala pangozi.

Anaitana namwino woyang'anira, ndipo namwinoyo anaitanitsa dokotala wa usiku. Sanawapatse chakumwa cha shuga pakamwa, chifukwa munthu wosinza chotero akhoza kutsamwa n'kukokera madziwo m'mapapo. Glucagon, jakisoni wokweza shuga, sanamuganizire kwambiri popeza kanula inalipo kale ya maantibayotiki, komanso glucagon amadalira shuga wosungidwa m'chiwindi, amene mwa munthu wosadya bwino amakhala wochepa. Anasankha dextrose 10%, madzi a shuga olowetsa mu mtsempha, mamililita 200 kwa mphindi 15. Dextrose 50% analipo, koma kanula inali pa kamtsempha kakang'ono ka padzanja, ndipo 50% amawotcha mtsempha. Akatayikira kunja kwa mtsempha amawononga mnofu.

Patatha mphindi 15 shuga anali 5.6. Bambowa anatsegula maso, anamuzindikira mwana wawo, n'kufunsa chomwe anthu onsewa adzadzira pa bedi lawo.

Pamene nkhani inatembenukira

Apa ndi pomwe ndikufuna anzanga aimepo. Aliyense anapuma. Chifukwa cha kugwa kwa shuga chinkaoneka chodziwikiratu: wodwala wabayidwa insulin koma sanadye. Dokotala anali atayamba kale kulemba zimenezo, ndipo dongosolo lake linali lakuti bambowa apatsidwe kachakudya, shuga ayezedwenso pakatha ola, ndipo isophane wa 9 koloko achepetsedwe pang'ono. Kwa munthu amene walandira mayunitsi 6, dongosolo limeneli linalibe vuto.

Wophunzira anali ataima kumbuyo. Atamva dokotala akunena kuti "mayunitsi 6 okhawo sakanayenera kuwagwetsa chonchi," miyendo inamulefuka. Anandiuza kuti kwa kanthawi kochepa anaganiza zokhala chete, poti wodwala anali atadzuka kale ndipo pa tchati panalibe pomwe panalembedwa 60, panali siginecha chabe. Kenako analankhula.

"Adokotala, pepani. Ine ndabaya 60, osati 6."

Mawu amenewa anasintha chithandizo chonse. Soluble insulin wobayidwa pansi pa khungu amayamba kugwira ntchito pakatha pafupifupi mphindi 30, amafika pachimake pakati pa maola 2 ndi 4, ndipo amatha pakati pa maola 6 ndi 8. Koma mlingo ukakula kwambiri amatenga nthawi yotalikirapo kuti ayamwidwe, ndipo impso zofooka zimatalikitsanso. Ndiye pa 7:30 paja insulin anali akungofika kumene pachimake. Dextrose amene anapatsidwayo anali magalamu 20 okha a shuga, oti sakanapita patali. Wodwala akanagwanso magetsi a mu wodi atazimitsidwa, mwana wake atapita, aliyense akuganiza kuti wagona. Akanalandiranso isophane wa 9 koloko pamwamba pa zonsezi.

Dokotala anasintha dongosolo nthawi yomweyo. Isophane wa usikuwo anaimitsidwa. Anaika dripi ya dextrose 10% yoyenda mosalekeza pa mamililita 100 pa ola, yoti izisinthidwa potengera shuga. Anafuna dripi yosalekeza m'malo mongodikira kuti shuga agwe n'kukankha wambiri nthawi imodzi, chifukwa kukwera ndi kutsika kotero ndi kumene kumapatsa mpata woti ubongo usowe shuga pakati pa miyezo. Shuga ankayezedwa mphindi 30 zilizonse. Bambowa anasamutsidwira pa bedi loyang'anizana ndi tebulo la anamwino. Magazi anatengedwa kuti aone potaziyamu, chifukwa insulin amakankhira potaziyamu m'maselo pamodzi ndi shuga, ndipo potaziyamu akatsika mtima umatha kusokonezeka kagundidwe. Anapezeka pa 3.1 mmol/L, pamene mlingo wabwino umayambira pa 3.5 kufika pa 5.0. ECG, yoyeza kagundidwe ka mtima, sinaonetse choopsa. Anapatsidwa potaziyamu wakumwa, wochepa, n'kuyezedwanso m'mawa, poti impso zofooka sizichedwa kumuunjika insulin akatha mphamvu. (Kwa ophunzira amene akuwerenga: potaziyamu wa mu ampulo sakankhidwa mu mtsempha mwachindunji, ngakhale zitavuta chotani. Amaimitsa mtima.)

Cha m'ma 9 koloko, dripi ikuyenda, shuga anatsikanso kufika pa 3.4. Anawonjezera dextrose n'kukweza liwiro la dripi. Anayang'aniranso mapapo ndi mapazi kuti madzi asachuluke m'thupi. Kuyambira cha m'ma 2 koloko usiku shuga anakhazikika pakati pa 6 ndi 9, ndipo miyezo inatalikitsidwa kukhala ya ola lililonse. Dripi inachepetsedwa pang'onopang'ono n'kuchotsedwa m'mawa bambowa atadya. Insulin anayambiranso masana pa mlingo wotsika.

Zomwe kafukufuku anapeza

Nditamufunsa wophunzira ngati anatsata zoyenera zisanu zija, wodwala woyenera, mankhwala oyenera, mlingo woyenera, njira yoyenera ndi nthawi yoyenera, anati inde, zonse. Ndipo sankanama. Anayerekeza sirinji ndi nambala yomwe anawerenga pa tchati, ziwirizo n'kugwirizana. Vuto n'lakuti "mlingo woyenera" ambiri timauphunzitsa ngati kufananiza zomwe zili m'manja ndi zomwe zili pa pepala. Funso lenileni ndi lina: kodi mlingo umenewu ndi womveka kwa munthu uyu, lero? Dzulo analandira zingati? Wophunzira akanatsegula tchati chakale akanapeza 4, 6, 6, 8. Palibe dokotala amene amalumpha kuchoka pa 6 kufika pa 60 kwa munthu wa shuga 11.8, wa impso zofooka, wosadya. Koma kuti munthu afunse funso limeneli ayenera kudziwa milingo yozolowereka ya mankhwalawo asanagwire kabotolo, ndipo apa ife aphunzitsi tili ndi ntchito. Wophunzira amene sadziwa kuti mlingo wamba ndi wotani alibe chomuchenjeza, amangomvera pepala.

Za chilembo U si zachilendo. Bungwe la Joint Commission la ku United States, loyendera ndi kuvomereza zipatala, linaika U pa mndandanda wa zidule zoletsedwa mu 2004, pamodzi ndi IU, QD, QOD, MS ndi MSO4, ziro wotsalira kumapeto monga 1.0 amene amawerengeka 10, ndi kusiya ziro woyambirira monga .5 amene amawerengeka 5. U amasanduka 0 kapena 4. Bungwe la ISMP, loona za kagwiritsidwe ntchito kabwino ka mankhwala, nalo limaika insulin pa gulu la mankhwala ofunika kusamala mwapadera, limodzi ndi heparin, potaziyamu wa mu ampulo, mankhwala a ululu a gulu la morphine ndi mankhwala a khansa. Mu 2017 bungwe la WHO linakhazikitsa kampeni ya Medication Without Harm, lofuna kuchepetsa ndi theka kuvulala kwakukulu kopeweka kobwera ndi mankhwala m'zaka 5. Dokotala amene anakopera tchati ankazidziwa zonsezi. Anali ndi matchati angapo oti akopere masanawo, dzanja linangolemba momwe linazolowera.

Chomwe ndinakhalitsapo kwambiri ndi kuona kwa munthu wachiwiri. Pa pepala, lamulo linatsatidwa: masiginecha alipo awiri. Koma namwino anaona chiyani? Anauzidwa yankho, "60", n'kufunsidwa ngati sirinji ikuonetsa 60. Anatsimikiza kuti wophunzira amadziwa kuwerenga sirinji, basi. Tchati sanachione, shuga wa wodwala sanaufunse, ndipo maganizo ake anali pa mtsempha womwe unkamuthawa. Kuona kotere n'koipa kuposa kusaona konse, chifukwa kunachotsa kukayikira kochepa komwe wophunzira anali nako. Iye mwini anati: "Asisita atavomera, mtima unakhala pansi." Namwinonso anati: "Ndinkadziwa kuti mtsikanayu ndi wosamala." Aliyense anatsamira mnzake, pakati palibe amene anaimirira. Kuona kwenikweni n'kwakuti wachiwiri atenge tchati yekha, awerenge yekha osauzidwa nambala, aone kabotolo, aone shuga, anene mlingo womwe iye wapeza, kenako awiriwo ayerekeze. Namwinoyu akanawerenga yekha, ndikukhulupirira akanaima, chifukwa dzulo lake anabaya yekha mayunitsi 6 kwa bambo omwewa.

Ndiye pali mawu a wodwala. Bambowa anali atabayidwa kangapo, ankadziwa kukula kwa mlingo wawo. Wodwala akati "piritsi ili si langa" kapena "lero wachuluka," dzanja liime, munthu abwerere ku tchati. Nthawi zambiri amapezeka kuti mankhwala angosinthidwa mtundu kapena mlingo wasinthidwadi, ndipo mphindi ziwiri zokha ndi zomwe zatayika. "Ndi momwe adokotala alembera" ndi yankho lotseka pakamwa, ndipo ophunzira amalitola kwa ife akuluakulu.

Pomaliza, wophunzira sankayenera kubaya insulin yekha. Lamulo la sukulu linkanena kuti namwino wovomerezeka akhale pambali pake. Mu wodiyo chizolowezi chinali chitakula chakuti wophunzira wa chaka chachitatu wodalirika amatengedwa ngati namwino wowonjezera madzulo ntchito ikachuluka. Palibe amene anakhala pansi n'kugamula zimenezo. Zinangoyamba, palibe choipa chinachitika, zinapitirira.

Zomwe zinagamulidwa ndi chifukwa chake

M'mawa mwake dokotala wamkulu wa wodi ndi namwino woyang'anira anakhala pansi ndi bambowa ndi mwana wawo. Anawauza mosabisa kuti analandira insulin wochuluka ka 10 kuposa wolembedwa, momwe zinachitikira, zomwe zachitidwa ndi zomwe zisinthidwe, ndipo anapepesa. Mwana wawo anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Anafunsa kuti akanapanda kubwera madzulowo chikanachitika n'chiyani. Sanamunamize. Wophunzira anapempha yekha kuti akapepese, ndipo analoledwa namwino ali pambali pake.

Panali ena amene ankafuna kuti wophunzirayu achotsedwe mu wodi n'kubwereza chaka. Ine ndinatsutsa. Anaphwanya lamulo lobaya popanda womuyang'anira, inde, ndipo zimenezo zinalembedwa m'fayilo yake. Koma anatumidwa ndi amene ankamuyang'anirayo, anawerenga nambala yomwe anamwino ena anayi mwa asanu omwe ndinawaonetsa tchaticho anaiwerenganso 60, ndipo anaulula pa nthawi yomwe kuulula kunali ndi phindu kwa wodwala. Chilango chachikulu chikanamveka kwa ophunzira anzake onse, ndipo phunziro lomwe akanatolapo ndi lakuti ukalakwitsa uzitseka pakamwa. Komiti inagwirizana kuti aimitsidwe kupereka mankhwala kwa milungu iwiri, abwereze mayeso a kuwerengera milingo ndi phunziro la insulin, kenako ayambirenso ndi mphunzitsi pambali. Anakumananso ndi mlangizi, poti kwa masiku angapo sankagona ndipo analankhulapo zosiya sukulu. Namwino woyang'anira naye anafunika kumumvetsera, osati kungomulembera kalata.

Mu wodi munasintha zinthu zochepa koma zogwirika. Mawu oti mayunitsi amalembedwa onse, ndipo namwino aliyense kapena wophunzira ali ndi ufulu wobweza tchati chokhala ndi U mpaka chikonzedwe. Tchati chikakoperedwa, namwino amachiyerekeza ndi chakale asanachigwiritse ntchito, ndipo chakalecho chimakhala pamwamba kwa tsiku limodzi. Wobaya insulin amalemba nambala ya mayunitsi omwe wabaya pafupi ndi siginecha yake. Kuona kwa munthu wachiwiri kumachitikira pa bedi la wodwala, tchati chili m'manja mwa wachiwiriyo, ndipo woyamba saloledwa kutchula nambala. Ngati namwino ali wotanganidwa, insulin amadikira limodzi ndi chakudya. Izi zinadandaulitsa ena poyamba chifukwa mankhwala a madzulo anayamba kutenga nthawi yotalikirapo, ndipo dandaulo lawo ndi loona. Nkhani ya kuchepa kwa anamwino madzulo inatumizidwa kwa akuluakulu a chipatala, ndipo pamene ndikulemba siinayankhidwe.

Kwa ophunzira athu tinawonjezera kachitidwe kamodzi. Asanakoke mankhwala aliwonse a gulu loopsa lija, amanena mokweza zinthu zitatu kwa womuyang'anira: mankhwalawa ndi a chiyani kwa wodwala uyu, mlingo wozolowereka ndi wotani, ndipo ayang'anira chiyani akapereka. Amene wakakamira pa limodzi mwa mafunsowa amabwerera ku buku la mankhwala, sirinji isanatuluke m'pepala lake. Timayesezanso mawu oti anene akakayikira, chifukwa kwa wophunzira si chapafupi kuuza namwino wamkulu kuti "Asisita, mlingo uwu sukundimvekera, tiyeni tione limodzi tchati."

Zotsatira

Bambowa sanapezeke ndi vuto lililonse la ubongo. Ankalankhula bwino, ankakumbukira zonse kupatula nthawi yochepa ya usikuwo, ndipo potaziyamu anabwerera pa 4.0 tsiku lotsatira. Metronidazole anapitirizidwa limodzi ndi mankhwala oletsa nseru, kudya kunayamba kubwerera. Bala linatsukidwa kuthiyeta n'kuchotsedwa mnofu wakufa, ndipo anatulutsidwa patatha masiku 12 ali pa insulin, iwo ndi mwana wawo ataphunzitsidwa kuwerenga sirinji ndi kuzindikira shuga wotsika, makamaka thukuta, popeza atenolol anapitirizidwa. Banjalo linalemba kalata yodandaula ku chipatala, ndipo linayankhidwa ndi tsatanetsatane wa zomwe zasinthidwa. Wophunzira anakhoza mayeso obwereza n'kumaliza nthawi yake mu wodi yomweyo.